Usiku umene Cleveland idakuwiza mwana wake

Pa 2 Disembala 2010, mu mzinda wa Cleveland m'chigawo cha Ohio ku America, mudaseweredwa mpira wa basiketibolo umene pa ndandanda wa ligi ya NBA sudali wofunika kwenikweni. Ligi idali itangoyamba kumene, chikho chidali kutali, ndipo timu ya pakhomo, Cleveland Cavaliers, idali itagonja kale masewero 10 mwa 17 oyambirira. Komabe anthu oposa 20,000 adadzaza bwalo la Quicken Loans Arena ndipo achitetezo adachita kuwonjezeredwa. Chidasonkhanitsa khamu lonselo ndi munthu mmodzi, LeBron James, amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri adali mfumu ya bwalo lomwelo, koma usiku umenewu adalowa atavala jezi ya Miami Heat. Anthuwo adalipira ndalama zawo kuti adzamkuwize.

Kuti mkwiyo umenewu umveke bwino, awerengi, tiyambe taona mmene matimu a NBA amapezera osewera, pakuti zimasiyana ndi zimene tidazolowera mu mpira wa miyendo. Kumeneko mnyamata wa luso sasankha yekha timu yoyambira. Chaka ndi chaka kumakhala msonkhano umene eni ake amautcha draft, kumene matimu amatola anyamata atsopano mosinthana, ndipo matimu amene adachita moipa chaka chathacho ndiwo amayamba kutola. Kuyambira mu 1985, matimu olepherawo amachita maere kuti apeze woyamba. Cholinga chake nchabwino, kuti timu yofooka isamangokhala pansi mpaka kalekale. Koma kwa mnyamatayo zili ngati ukwati wochita kukupezera akuluakulu. Uufune usaufune, ulowamo basi.

M'chaka cha ligi cha 2002 mpaka 2003, Cavaliers idapambana masewero 17 okha mwa 82. Maere adaigwera, ndipo mu Juni 2003 idatola LeBron James, mnyamata wa zaka 18 wongotuluka kumene kusekondale. Mwayi wake udali wakuti mnyamatayu adali wa komweko, wobadwira ku Akron pa 30 Disembala 1984, mtunda wa makilomita ngati 60 kuchokera ku Cleveland. Magazini ya Sports Illustrated idali itamuika kale pachikuto chake mu 2002 akadali pasukulu, nkumutcha wosankhidwa, ndipo kampani ya Nike idamulonjeza madola pafupifupi 90 miliyoni asadaponye mpira ngakhale kamodzi mu NBA.

Mzinda umene adalowamowo udali ndi mabala. Mu 1950 Cleveland idali ndi anthu oposa 900,000, koma mafakitale a zitsulo atayamba kutsekedwa anthu adasamuka, ndipo pofika 2010 adatsala osakwana 400,000. Pa masewero ndiye musanene. Chikho chachikulu chomaliza mzindawu udachiona mu 1964, pamene timu ya Browns idapambana ligi ya mpira wachiAmerica uja wogwetsana pansi. Mu Meyi 1989 Michael Jordan adatulutsa Cavaliers mumpikisano ndi mpira wa sekondi yomaliza, pakhomo pawo pomwe. Mu 1995 mwini wake wa Browns, Art Modell, adalengeza kuti akusamutsira timu yonse ku Baltimore, ndipo pa masewero omaliza a pakhomo ochemerera adazula mipando m'bwalo. Anthu a ku Cleveland adali atatopa ndi kusiyidwa. Ndiye mukawapatsa mwana wa kwawo amene dziko lonse likumusirira, mukuganiza kuti amugwira bwanji?

LeBron adachita zimene akadatha. Mu 2007 adaifikitsa timuyo mu ndime yomaliza kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, ngakhale San Antonio Spurs idawakwapula masewero anayi osabweza ngakhale amodzi. Mu 2009 ndi 2010 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, ndipo timuyo idapambana masewero 66 chaka china, 61 chaka chotsatira. Koma chikho osachiona. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo akuluakulu a Cavaliers adalephera kumupezera mnzake wa msinkhu wake. Mu Meyi 2010 Boston Celtics idawatulutsa, ndipo kontrakiti yake idatha.

Apa mpamene kusaka osewera kudatembenuka. Mnyamata uja adatoledwa ngati nyemba mu 2003 tsopano ndiye adakhala pampando, matimu nkumabwera kudzamugwadira. Kumayambiriro kwa Julayi 2010 matimu asanu ndi imodzi adakumana naye mu Cleveland momwemo: New Jersey Nets, New York Knicks, Miami Heat, Los Angeles Clippers, Chicago Bulls ndi Cavaliers. Ufulu woterewu sudagwe kumwamba ayi. Oscar Robertson, yemwe adali mtsogoleri wa bungwe la osewera, adasumira ligi mu 1970 ndipo mlanduwo udatha mu 1976. Ngakhale apo, kudatenga mpaka 1988 kuti wosewera amene kontrakiti yake yatha apite kumene akufuna popanda timu yake yakale kumutsekereza. Woyamba kuchita zimenezi adali Tom Chambers, amene adachoka ku Seattle kupita ku Phoenix.

Pa 8 Julayi 2010 LeBron adalengeza chisankho chake pa pulogalamu ya ola lathunthu pa wailesi yakanema ya ESPN, anthu pafupifupi 10 miliyoni akuonera. Adati akupita ku Miami kukasewera limodzi ndi Dwyane Wade ndi Chris Bosh, anzake amene adatoledwa nawo chaka chimodzi. Pulogalamuyo idasonkhanitsa ndalama zothandizira ana, zimenezo nzoona. Koma ine ndimati apa mnyamatayu adalakwitsa. Kusiya banja nkololedwa, koma sukasiyira mkazi pa msika, utaitana ng'oma ndi oonerera. Anthu amene adamuchemerera zaka zisanu ndi ziwiri adamvera pa kanema limodzi ndi dziko lonse.

Usiku womwewo anthu ena adatentha majezi a nambala 23 m'misewu. Chithunzi chake chachikulu chimene Nike idapachika pakhoma la nyumba ina pakati pa mzinda chidatsitsidwa patangopita masiku ochepa. Mwini wake wa Cavaliers, Dan Gilbert, adalemba kalata kwa ochemerera yomunena LeBron kuti ndi wamantha ndi wosakhulupirika, nkulumbira kuti Cleveland itenga chikho LeBronyo asanachione. Mkulu wa ligi, David Stern, adamulipitsa madola 100,000 kaamba ka kalatayo. Mbusa Jesse Jackson adati Gilbert akulankhula ngati mwini kapolo amene kapolo wake wathawa. Mawuwo adali olemera, koma mu ligi imene osewera ambiri ndi akuda pamene eni matimu pafupifupi onse ndi azungu, sadali opanda potsamira.

Ndiye lidafika tsiku lija la 2 Disembala. Miami nayo idali itayamba moipa, itapambana masewero 9 okha mwa 17 oyambirira, ndipo ambiri ankayembekeza kuti phokoso la Cleveland limusokoneza. Adamkuwiza polowa, adamkuwiza nthawi iliyonse akagwira mpira, ena nkumaimba kuti ngakhale kwawo ku Akron amadana naye. Iye adawaza ufa wake woyera m'mwamba monga ankachitira kale pa bwalo lomwelo, kenaka nkuyamba ntchito. Adagoletsa mapointi 38, ndipo 24 mwa amenewo adawapeza mu chigawo chachitatu chokha. Chigawo chachinayi sadasewere nkomwe, kudalibe chifukwa. Miami idapambana 118 kwa 90. Kuchokera usiku umenewo Cavaliers idangopambana kamodzi kokha mpaka mwezi wa Febuluwale, ndipo pakati apo idagonja masewero 26 motsatizana.

Pali kanthu kamodzi ka usiku umenewo kamene ndimakaganizira kuposa mapointi 38 aja. Mu timu ya Miami mudalinso Zydrunas Ilgauskas, chimphona cha ku Lithuania chimene chidasewerera Cleveland zaka zoposa khumi, ndipo iye ochemerera adamuombera m'manja. Naye adachoka mwa kufuna kwake, kupita ku timu yomweyo. Komatu miyezi ingapo m'mbuyomo, mu Febuluwale 2010, Cavaliers idali itamugulitsa Ilgauskas yemweyo ku Washington posinthana ndi Antawn Jamison. Adabwerera patapita mwezi, koma panthawi yomugulitsayo palibe adatentha chithunzi cha Gilbert. Timu ikataya wosewera wokhulupirika timati ndi bizinesi. Chimodzimodzi mu 2007, mkulu wa Boston, Danny Ainge, atasonkhanitsa Kevin Garnett ndi Ray Allen kuti asewere ndi Paul Pierce, anthu adamutama kuti ndi katswiri. Osewera atatu atachita zomwezo paokha mu 2010, ati ndi chiwembu.

Komabe sindingawanyoze ochemerera a ku Cleveland. Amene adazula mipando mu 1995 adakwiyira mwini timu, wachuma, mzungu. Chimene amadana nacho ndi kusiyidwa, kaya wowasiyayo ndi ndani. Mwini timu angathe kuigulitsa, wosewera angathe kusamuka, mphunzitsi amachotsedwa, koma wochemerera alibe kolowera. Adabadwira timuyo, bambo ake adamutengera ku bwalo ali mwana, ndipo palibe kontrakiti yake imene imatha. Pa anthu onse a m'bwalo ndi iye yekha amene salandira kanthu, amachita kulipira.

Lumbiro la Gilbert lidapita pachabe. Miami idagonja kwa Dallas mu ndime yomaliza ya 2011, Cleveland yonse nkusangalala ngati chikhocho nchawo, koma mu 2012 ndi 2013 LeBron adatenga zikho ziwiri. Nthawi yonseyi Cavaliers idali pansi, ndipo dongosolo lomwe lija lothandiza olephera lidaipatsa mwayi wotola poyamba katatu m'zaka zinayi: Kyrie Irving mu 2011, Anthony Bennett mu 2013 ndi Andrew Wiggins mu 2014. Zodabwitsa zake nzakuti kuchoka kwa LeBron ndiko kudamanga timu imene akadafuna kubwererako. Pa 11 Julayi 2014 adalengeza m'nkhani yolembedwa mu Sports Illustrated kuti akubwerera kwawo. Kalata ya Gilbert ija, imene idakhala pa tsamba la intaneti la timuyo zaka zinayi, idali itachotsedwa masiku ochepa m'mbuyomo. Wiggins, amene adali asadasewere ngakhale masewero amodzi a ligi, adatumizidwa ku Minnesota kuti kubwere Kevin Love, ndipo sindidamvepo kuti wina adamulirira.

Mu Juni 2016 Cavaliers idakumana mu ndime yomaliza ndi Golden State Warriors, timu imene idapambana masewero 73 mwa 82 chaka chimenecho. Cleveland idatsalira masewero atatu kwa amodzi, dzenje limene timu ina iliyonse idali isadatulukemo mu ndime yomaliza. Idapambana awiri otsatira, ndipo pa 19 Juni ku Oakland, kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, LeBron adathamangitsa Andre Iguodala kuchokera kumbuyo nkumumenyera mpira pa bolodi, kenaka Irving adaponya wa mapointi atatu. Masewero adatha 93 kwa 89. LeBron adagwa pansi nkulira. Patatha zaka 52 mzindawu udaona chikho, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi adadzaza misewu, ndithu ena mwa iwo omwe aja adakuwiza mu 2010.

Mu Julayi 2018 adachokanso, ulendo uno kupita ku Los Angeles Lakers pa kontrakiti ya zaka zinayi ya madola 154 miliyoni. Kudalibe pulogalamu ya pa kanema, nkhaniyo idatuluka m'kachikalata kakafupi kochokera kwa omuyimira. Gilbert adalemba mawu omuthokoza. Chithunzi chija cha pakhoma chidatsitsidwanso, anthu akujambula ndi mafoni awo, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo LeBron adali ku Akron kukatsegula sukulu ya ana ovutika imene bungwe lake lidathandiza kukhazikitsa.