MBIRI YA ZIPATALA ZA MISYONI NDI ZA BOMA M'DZIKO MUNO

Pa misonkhano yathu pamabuka kawirikawiri funso lakuti: kodi munthu wamba amathandizidwa bwino kuti, ku cipatala ca Misyoni kapena ca Boma? Tisanayankhe, nkoyenera kuti tiyambe taona kumene tacokera.

Mankhwala a Cizungu anadza ndi Amisyoni. Dr. Robert Laws anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875. Cipatala ca David Gordon ku Livingstonia cinatsegulidwa mu 1911, ndipo ca ku Nkhoma mu 1915. Masiku amenewo madotolo owerengeka a Boma anali kusamala makamaka Azungu, asilikali ndi anchito a Boma. Munthu wa kumudzi anali kukhoma msonkho caka ndi caka, koma akadwala thandizo lace linali kwa sing'anga kapena ku Misyoni. Zipatala za eni dziko zinayamba kucuruka m'maboma m'zaka za m'ma 1930. M'nthawi ya Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, za umoyo zinali m'manja mwa Boma la ku Salisbury, ndipo cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre cinatsegulidwa mu 1958.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, zipatala za Boma zinakhala zaulere, ndipo cacikulu ca Kamuzu cinatsegulidwa ku Lilongwe mu 1977. Za mipingo zinapangana mu 1966 kukhala bungwe limodzi, limene lero lichedwa CHAM. Apa wosauka anagwidwa pakati. Ku Boma sanali kulipira, koma kwa ambiri mtunda unali wautali, odwala osefukira, mankhwala nkumatha. Ku Misyoni kunali pafupi, popeza zipatalazo zinamangidwa kumidzi, koma kunali kufuna ndalama. Tsono wopanda khobidi anali kuzengereza kufikira nthenda itakula, ndipo amai ambiri anali kucirira pakhomo.

Cifukwa ca ici, kuyambira 2006 Boma linayamba kucita mapangano ndi zipatala za mipingo, kuti amai oyembekezera ndi makanda azithandizidwa kwaulere, Boma nkumabweza ndalamazo. Kumene panganolo linasungidwa, amai ocirira ku cipatala anacuruka. Kumene Boma linacedwa kulipira, zipatala zina zinayambanso kulipiritsa.

Potero mbiri itiphunzitsa kuti mbali iri yonse payokha inalephera kufikira anthu onse. Mutu umodzi susenza denga. Wodwala safunsa mwini cipatala; iye afuna cikhale pafupi, mankhwala apezeke, ndi kuti asabwezedwe pakhomo cifukwa ca umphawi. Tipempha tsono mamembala onse kuti afunse mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo m'boma lathu ngati cipatala ca kwao ciri ndi pangano lotere, ndiponso ngati ngongole zace zilipidwa pa nthawi yace. Pakuti zina mwa ndalamazo ndi msonkho wathu tomwe.