Kufufuza mbiri ya agogo amene anali mu Keyala

Gulu la asilikali la King's African Rifles, limene kumudzi ankangoti Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ija akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino anagwira mfuti, ndipo ena pafupifupi 200,000 anasenzetsedwa katundu ngati amtengatenga. Pa nkhondo yachiwiri asilikali a Keyala anakafika ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar mpaka Burma.

Wofufuza za msilikali wotere amayambira pa nambala, chifukwa dzina limasocheretsa. Azungu ankalemba mayina monga anawamvera, ndipo anyamata ena polembetsa ankapereka dzina lina. Nambala imapezeka pa chikalata chopumira usilikali, chimene mabanja ena akusungabe pansi pa sutikesi, kapena m'mphepete mwa mendulo: mamendulo a nkhondo yoyamba ankadindidwa dzina, nambala ndi gulu la mwini wake, pamene ambiri a nkhondo yachiwiri ankaperekedwa opanda dzina. Nambala ndi bataliyoni zikadziwika, mabuku a tsiku ndi tsiku a gululo, amene ali ku National Archives ku Kew, mumzinda wa London, amasonyeza kumene linayenda.

Kumene munthu anabadwira n'kovutirapo. Boma la atsamunda silinkakakamiza kulembetsa ana a anthu akuda, choncho chikalata chobadwira palibe. Kalaliki wa usilikali ankafunsa mtundu, mudzi, mfumu ndi boma, ndipo munthu ankatchula kumene akukhala. Alomwe ambiri amene analembedwa kuti ndi a ku Mlanje kapena Cholo anabadwira ku Mozambique. Mayina a maboma nawonso anasintha: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa. Apa amathandiza ndi mabuku a ubatizo a mishoni zakale monga Blantyre, Likoma, Nkhoma ndi Mua, komanso mabuku a mabwanamkubwa a maboma ku National Archives ya ku Zomba. Pepala lililonse liyenera kufikitsidwa kwa anyakwawa ndi azakhali okalamba, amene amadziwa mfunda ndi kumene mbumba inachokera.

Amtengatenga ndiwo analakwiridwa kwambiri. Ambiri anafa ndi kamwazi ndi njala m'njira, ndipo anaikidwa popanda dzina. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo.

Banja limene lili ndi mendulo kapena chikalata liyenera kulemba nambalayo lero, n'kufunsa okalamba akadali ndi moyo.