Jerry Sloan: Zaka 23 pa Timu Imodzi Popanda Chikho, Timuweruze Bwanji?

Anzanga okonda basketball, pali mkangano womwe sutha tikakhala pansi titamaliza kusewera: kodi kochi amene sanatengepo chikho tingamutche katswiri? Ena amati ayi, chikho ndiye umboni, zina zonse ndi nkhambakamwa. Ena amati sizili choncho. Mwezi uno tiyeni tiuyese mkanganowu pa munthu weniweni, Jerry Sloan wa timu ya Utah Jazz ku America, amene ambiri a ife tinali tisanayambe n'komwe kugwira mpira pomwe ankasiya ntchito.

Usiku womaliza

Pa 9 February 2011, Jazz inagonja pakhomo ndi Chicago Bulls, 91 kwa 86. Mu ligi ya NBA timu imasewera magemu 82 pa sizoni, ndiye kugonja kamodzi si nkhani yosowetsa munthu tulo. Koma usiku umenewo Sloan anachedwa kwambiri kutuluka kukayankhula ndi atolankhani. Tsiku lotsatira anakhala pamaso pa makamera, misozi ili m'maso, n'kulengeza kuti watula pansi udindo. Anali ndi zaka 68. Womuthandiza wake wa zaka zambiri, Phil Johnson, naye anati ngati mkuluyu akupita, ine sinditsala, ndipo anachokera limodzi.

Anthu anadabwa chifukwa masiku ochepa m'mbuyomo zinali zitalengezedwa kuti Sloan wawonjezera kontrakiti yake ndi chaka chimodzi. Timu sinali pamavuto aakulu, inali itapambana magemu 31 n'kugonja 23. Posakhalitsa nkhani inamveka yoti pa nthawi yopuma ya gemu ya Bulls ija, Sloan anakangana kwambiri ndi Deron Williams, wosewera wodalirika wa timuyo. Sloan anakana zoti wathamangitsidwa ndi wosewera, anati nthawi yake yakwana ndipo mphamvu zamuchepera. Williams naye anakana zoti anakakamiza mabwana kusankha pakati pa iye ndi kochi. Chomwe chinachitika poyera n'chakuti pa 23 February, pasanathe sabata ziwiri, Jazz inamutumiza Williams ku New Jersey Nets. Timu inataya kochi ndi katswiri wake mwezi umodzi, ndipo sizoni inatha itapambana 39 n'kugonja 43, osalowa mu ma playoffs.

Anachokera kuti munthuyu?

Kuti timvetse chifukwa chake mkangano ndi wosewera unali nkhani yaikulu kwa Sloan, tiyambe ndi kwawo. Anabadwa mu 1942 kumudzi, pafupi ndi tauni yaing'ono ya McLeansboro ku Illinois. Anali chitsiriza m'banja la ana 10, ndipo bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zinayi. Ankadzuka mbandakucha kugwira ntchito za pa famu asanapite kusukulu kukachita training. Moyo umenewu sanausiye. Ngakhale atatchuka, sizoni ikatha ankabwerera kumudzi, ndipo ankadziwika ndi kapu ya John Deere komanso kutolera mathirakitala akale.

Monga wosewera, anali munthu wotchinga movuta kwambiri. Bulls itakhazikitsidwa mu 1966 inamutenga kuchokera ku Baltimore Bullets, ndipo anasewera kumeneko mpaka bondo litamukaniza mu 1976. Anasankhidwa kawiri kukasewera gemu ya All-Star, ndipo jezi yake ya nambala 4 ndi yoyamba imene Bulls inaipachika m'mwamba kuti wina asadzaivalenso.

Pali chinthu china chimene chinamuchitikira mu 1977. Anavomera ntchito ya ukochi pa yunivesite ya Evansville, komwe anaphunzira, koma patangopita masiku asanu anasintha maganizo n'kuisiya. Mu December chaka chomwecho, ndege imene inanyamula timu ya Evansville inagwa, ndipo osewera onse anali m'ndegemo anamwalira pamodzi ndi kochi amene anatenga malo aja. Tangoganizani kukhala ndi chinthu chotere mumtima moyo wako wonse.

Ukochi wake mu NBA unayambira ku Bulls mu 1979 ndipo anachotsedwa mu 1982. Kenako anapita ku Utah ngati wothandiza, mpaka pa 9 December 1988 pomwe Frank Layden anatula pansi udindo, Sloan n'kukhala kochi wamkulu. Pampando umenewo anakhalapo masizoni 23. Pa nthawi imeneyi matimu ena a NBA anasintha makochi koposa ka 200.

Zimene zili kumbali yake

Manambala ake ndi olemera. Anapambana magemu 1,221 a mu ligi, ndipo pomwe ankasiya, amene anali pamwamba pake anali Don Nelson ndi Lenny Wilkens okha. Mwa magemu amenewa, 1,127 anapambana ndi Jazz. Mu November 2008 anakhala kochi woyamba m'mbiri ya NBA kupambana magemu 1,000 ndi timu imodzi. Kuyambira 1989 mpaka 2003, zaka 15 zondondozana, timu yake sinaphonyepo ma playoffs.

Kumbukiraninso kuti izi zinkachitikira ku Salt Lake City, mzinda waung'ono poyerekeza ndi Los Angeles kapena New York, komwe akatswiri otchuka sathamangirako okha. Zipilala ziwiri za timuyi, John Stockton ndi Karl Malone, sanali oyamba kusankhidwa pa draft: Stockton anali nambala 16 mu 1984, Malone nambala 13 mu 1985.

Chida chawo chachikulu chinali pick and roll, imene ifenso timaichita pa bwalo. Malone ankaima ngati khoma kutchingira munthu amene akulondera Stockton, kenako n'kutembenuka kuthamangira ku basiketi. Adani akathamangira Stockton, mpira umapita kwa Malone. Akatsatira Malone, Stockton amaponya yekha kapena kupatsira wina amene watsala payekha, monga Jeff Hornacek. Ligi yonse inkadziwa kuti zibwera, koma kuziletsa kunali kwina, chifukwa aliyense pa timu ankadziwa pomwe ayenera kuima ndi nthawi yoti athamange. Stockton anamaliza ndi ma assist 15,806, omwe palibe wawafikapo mpaka lero, ndipo Malone anatenga MVP kawiri, mu 1997 ndi 1999.

Zimene zili zomutsutsa

Tisabise, chikho palibe. Jazz inafika mu fainolo kawiri, mu 1997 ndi 1998, ndipo kawiri konse inagonja ndi Bulls ya Michael Jordan, magemu 4 kwa 2. Mu 1998 Jazz ndiyo inali ndi mwayi wosewera magemu ambiri pakhomo, koma mu gemu yachitatu ku Chicago inangopeza mapointi 54 okha, Bulls 96. Gemu yomaliza ija ambiri tinaiwonera pa YouTube: Jordan akulanda mpira kwa Malone, kenako n'kuponya pamaso pa Bryon Russell, gemu n'kutha 87 kwa 86.

Okonda Sloan amakonda kunena kuti vuto linali Jordan basi, akanakhala kuti kulibe bwenzi pali zikho ziwiri. Apa ndiye tiyenera kunena chilungamo. Mu 1994 Jordan anali atasiya basketball, koma Jazz inatulutsidwa ndi Houston Rockets. Mu 1995 Jazz inapambana magemu 60 mu ligi, n'kutulutsidwanso ndi Houston yomweyo mu ndime yoyamba. Mu 1999 Jordan atasiyanso, Malone ali MVP, Jazz inagwa mu ndime yachiwiri ndi Portland Trail Blazers. Khomo linatsegukapo katatu, timu osalowa. Jordan yekha sangasenze mlandu wonsewo.

Palinso khalidwe lake. Sloan anali waukali, ndipo pakamwa pake pankatuluka mawu olemera kwa osewera ndi ma refa omwe. Mu 2003 analetsedwa magemu asanu ndi awiri chifukwa chokankha refa. Osewera achinyamata ankavutika kupeza nthawi yosewera pansi pake, moti Williams yemwe, amene anasankhidwa nambala 3 pa draft ya 2005, anakhalapo pa benchi m'chaka chake choyamba. Ambiri ankamudandaulanso kuti safuna kusintha kasewero ngakhale ligi ikusintha. Stockton ndi Malone anali anthu amene anagwirizana ndi dongosolo lake. Atabwera wosewera wa m'badwo wina, wofuna ufulu wosankha yekha zochita pa bwalo, dongosolo lija linayamba kulira.

Sizoni imene imandiuza zambiri

Ndikafuna kudziwa ngati kochi ali ndi dzanja lake kapena akungonyamulidwa ndi akatswiri, ndimayang'ana zimene anachita akatswiriwo atachoka. Kwa Sloan, mayeso amenewa anabwera mu 2003. Stockton anapuma, Malone anapita ku Los Angeles Lakers kukasaka chikho. Olemba nkhani zamasewero ambiri analosera kuti Jazz ikhala timu yotsika kwambiri mu ligi yonse. Amene anali pa timu anali anthu ngati Andrei Kirilenko wa ku Russia, Carlos Arroyo wa ku Puerto Rico, Raja Bell ndi Greg Ostertag. Matt Harpring, amene ankadaliridwa pa mapointi, anavulala sizoni ili pakati.

Timu imeneyi inapambana magemu 42 n'kugonja 40, ndipo inaphonya ma playoffs ndi gemu imodzi yokha. Zonsezi zinkachitika mkazi wake, Bobbye, akudwala khansa, imene inamutenga mu June 2004. Mphoto ya kochi wopambana wa chaka inapita kwa Hubie Brown wa Memphis Grizzlies, Sloan n'kukhala wachiwiri. Mphoto imeneyo sanailandirepo mpaka kusiya ntchito.

Sizoni yotsatira inali yowawa, 26 kwa 56, yokhayo pa zaka zonse ku Utah imene anagonja magemu ambiri kuposa amene anapambana. Timu ina ikanamuchotsa pomwepo. Mwini wake wa Jazz, Larry H. Miller, sanatero. Pofika 2007 Sloan anali atamanganso timu yatsopano ya Williams ndi Carlos Boozer, imene inafika mu fainolo ya chigawo cha kumadzulo n'kugonja ndi San Antonio Spurs. Apa pali phunziro limene timaliiwala: kukhalitsa kwa Sloan sikunali kwake yekha. Kunali kwa bwana amene ankadziwitsa aliyense kuti pa timuyi mawu omaliza ndi a kochi. Miller anamwalira mu February 2009, ndipo patapita zaka ziwiri Sloan anachoka. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo ukhale wouma ngati wa Sloan.

Ndiye timuweruze bwanji?

Ine maganizo anga ndi awa. Amene amati wopanda chikho si katswiri akuyeza ntchito ya zaka 23 ndi magemu ochepa a mwezi wa June. Amene amati Sloan analibe cholakwa akuiwala 1995 ndi 1999, komanso kuti kuuma mtima komwe kunamanga timu ndi komwenso kunachititsa kuti mapeto akhale owawa. Zonse ziwiri ndi zoona pa munthu mmodzi. Sanali kochi wopambana onse. Phil Jackson, amene anamugonjetsa kawiri konse, ali ndi zikho 11 ngati kochi, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti awiriwa ndi ofanana. Koma pa luso lotenga anthu wamba n'kuwasandutsa timu yovuta kuigonjetsa chaka ndi chaka, Sloan ali pagulu la ochepa kwambiri.

Za kuchoka kwake, ena amati anathawa nkhondo sizoni ili pakati, n'kusiya Tyrone Corbin ndi timu yosokonekera. Mfundoyi ili ndi mphamvu, chifukwa iye mwini ankaphunzitsa osewera kuti ntchito uyenera kuimaliza. Komabe ine ndikuona munthu amene anazindikira kuti mawu ake sakugwiranso ntchito m'chipinda cha osewera, ndipo sanafune kukakamira mpando chifukwa cha malipiro. Sanapite kukanyoza Williams kwa atolankhani, ndipo sanaphunzitsenso timu ina iliyonse.

Nthawi nayo inaweruza. Mu 2009, asanasiye n'komwe, analowa mu Hall of Fame tsiku limodzi ndi Stockton komanso Jordan. Mu 2013 anabwerera ku Jazz ngati mlangizi, ndipo mu January 2014 timuyo inapachika m'bwalo lake nsalu yolembedwa 1223, chiwerengero cha magemu onse amene anapambana nayo, a mu ligi ndi a ma playoffs. Patapita zaka, Williams anakumana naye n'kupepesa. Mu 2016 Sloan anaulula kuti akudwala Parkinson's komanso matenda oiwala, ndipo anamwalira pa 22 May 2020 ali ndi zaka 78.

Kwa ife a mu kalabu, nkhaniyi si ya kutali kwenikweni. Tsiku lina mmodzi wa amene amatiphunzitsa kapena kutitsogolera adzati ndatopa, ndikusiya, mwina titangokangana naye kumene. Pa tsiku limenelo n'kosavuta kukumbukira mkangano womaliza kapena fainolo imene tinaluza. Tidzawerengenso amene anaphunzira kugwira mpira m'manja mwake, ndi masiku amene anabwera ku bwalo zinthu zisali bwino kunyumba. Tikatero tidzanenenso zolakwa zake mosabisa, ngati mmene tachitira ndi Sloan.

Tikumane ku training, ndipo amene akuti chikho ndiye zonse abwere atakonzeka, mkanganowu sunathe.