Sipika yomvera mawu: kayikidwe kake ndi kuteteza zinsinsi za pakhomo

Wailesi imene tinaizolowera imalankhula koma siimva. Sipika yomvera mawu, imene m'Chingerezi amati smart speaker, imalankhula ndiponso imamva. Munthu amaiuza ndi pakamwa kuti iike nyimbo, inene nthawi, itsegule wailesi ya pa intaneti kapena ifotokoze za nyengo, iyo n'kuyankha. Masipika otere akufika m'makomo ena a mumzinda wa Tete ndi m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, makamaka ngati mphatso zochokera kwa abale okhala ku Joni kapena ku Maputo. Popeza ndi chipangizo chokhala ndi khutu, mwini nyumba ayenera kudziwa zimene chimamva, kumene zimapita ndi amene angathe kuzimvanso.

Kodi sipika imeneyi ndi yotani?

Masipika ambiri a pa msika wa Kwachena ku Tete, ku Ulónguè kapena ku Zóbuè ndi a Bluetooth wamba. Amenewo amangokweza mawu ochokera pa foni kapena pa memori, ndipo satumiza kanthu pa intaneti. Sipika yomvera mawu ndi yosiyana nawo chifukwa ili ndi maikolofoni amene amakhala tcheru nthawi zonse, ndipo imalumikizana yokha ndi makompyuta a kampani imene inaipanga.

Mitundu yodziwika kwambiri ilipo itatu. Kampani ya Amazon inatulutsa Echo mu Novembala 2014, ndipo mawu amene amayankha m'menemo amatchedwa Alexa. Google inatulutsa Google Home mu 2016, ndipo mu 2019 masipika ake atsopano anayamba kudziwika ndi dzina loti Nest. Apple inatulutsa HomePod mu 2018, yomwe imagwiritsa ntchito Siri ndipo imafuna iPhone kapena iPad poiyika.

Masipikawa samva Chichewa, Chinyungwe kapena Chisena. Amamva Chingerezi ndi zilankhulo zina zikuluzikulu. Alexa inayamba kulankhula Chipwitikizi cha ku Brazil mu 2019, ndipo ya Google nayo imamva Chipwitikizi. Choncho pakhomo pamafunika munthu wodziwa chimodzi mwa zilankhulo ziwirizi.

Mmene imagwirira ntchito

Sipika imakhala ikumvetsera phokoso la m'chipinda podikira mawu oidzutsira. Pa Echo mawuwo ndi "Alexa", pa Nest ndi "Ok Google" kapena "Hey Google". Isanamve mawu amenewa, zimene yamva imazitaya pakangopita kanthawi kochepa. Ikangowamva, nyali yake imayaka, ndipo imajambula zimene mukunena n'kuzitumiza pa intaneti ku makompyuta a kampani. Kumeneko mawu anu amasandutsidwa zolemba, yankho limakonzedwa n'kubwezedwa ku sipika.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira. Choyamba, sipika imalakwitsa. Ikamva mawu ofanana ndi dzina lake, kaya kuchokera kwa munthu, pa wailesi kapena pa TV, imadzuka n'kujambula zimene simunafune kuiuza. Chachiwiri, zimene yatumiza zimalembedwa pa akaunti ya munthu amene anaiyika. Aliyense wotsegula akauntiyo, ngakhale ali kutali, angathe kuona zimene zinafunsidwa, tsiku lake ndi ola lake, ndipo ngati mawu akusungidwa angathenso kuwamvetsera.

Zofunika musanayambe

Magetsi: masipika ambiri otere alibe batire, amafuna kukhala pa soketi nthawi zonse. Sadya magetsi ambiri a Credelec, ndipo sola ya pakhomo yokhala ndi inveta imakwanitsa. Yang'anani pa chaja yake ngati ikulola mavolti 220, komanso ngati mano a pulagi akugwirizana ndi soketi yanu, popeza mapulagi a ku Malawi, a ku Joni ndi a ku America amasiyana.

Intaneti: sipika ilibe malo a khadi la SIM, imafuna Wi-Fi. Kumudzi Wi-Fi angachokere pa modemu kapena pa foni ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel imene mwaitsegula kuti igawe intaneti. Foniyo ikachoka pakhomo, sipika imasiya kuyankha. Funso limodzi silidya mamega ambiri, koma nyimbo ndi wailesi zimadya. Wailesi ya pa intaneti yowulutsa pa 128 kbps imatha mamega pafupifupi 58 pa ola limodzi. Pomvera nkhani ndi mapulogalamu a ulimi, wailesi ya FM ndiyo yosawononga ndalama. Amene muli pafupi ndi malire, monga ku Calómuè, Zóbuè ndi Cassacatiza, onetsetsani kuti foni yogawa intaneti sinalumphire pa netiweki ya dziko loyandikana nalo, chifukwa mtengo wake umakwera.

Foni ndi akaunti: pamafunika foni yamakono ndi akaunti ya Amazon kapena ya Google. Akauntiyo ikhale ya mwini nyumba, osati ya wogulitsa kapena ya mnyamata amene wabwera kudzathandiza kuyika.

Kayikidwe kake

1. Sankhani malo. Pabalaza kapena pakhonde lotchingidwa ndi pabwino. Musaiyike kuchipinda chogona kapena pamalo pamene mumawerengera ndalama. Isakhale padzuwa kapena pafupi ndi malata, chifukwa ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala.

2. Ikani pa foni pulogalamu ya Amazon Alexa ngati sipika ndi Echo, kapena ya Google Home ngati ndi Nest. Lowani ndi akaunti yanu.

3. Lumikizani sipika ku magetsi. Pa Echo, nyali ikasanduka ya mtundu wa lalanje ndiye kuti yakonzeka kuyikidwa.

4. Tsegulani Bluetooth pa foni, ndipo mu pulogalamu dinani chizindikiro cha + kuti muwonjezere chipangizo chatsopano. Sankhani sipika yanu, kenako dzina la Wi-Fi, n'kulemba pasiwedi yake.

5. Sankhani chilankhulo ndi dera. Pa za nyengo, lembani dzina la tauni imene muli nayo pafupi. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano kumazizira ndipo mvula imagwa mosiyana ndi mumzinda wa Tete, choncho mlimi wa mbatata wa ku Tsangano akalemba Tete adzapatsidwa nyengo ya m'chigwa cha Zambezi. Dzina la tauni ndi lokwanira, sikofunika kulozera nyumba yeniyeniyo. Pa nkhani ya nthawi yodzala, tsatirani zolengeza za INAM ndi malangizo a alangizi a zaulimi.

6. Pulogalamu ikapempha manambala onse a m'foni mwanu, mungathe kukana. Sipika imagwirabe ntchito zake zina.

Sipika yopatsidwa kapena yogula kwa munthu wina

Apa ndi pamene mabanja ambiri angagwere m'vuto osadziwa. Mwana kapena mlamu akabweretsa sipika imene ankagwiritsa ntchito ku Johannesburg, nthawi zambiri imakhala ikadali pa akaunti yake. Akailumikiza ku Wi-Fi wa pakhomo n'kubwerera, zonse zimene sipikayo idzajambule zidzaoneka pa foni yake. Pa Echo palinso njira yotchedwa Drop In, imene imalola munthu wololedwa kulumikizana ndi sipika n'kumva za m'chipindamo popanda wina kuyankha ngati mmene timayankhira foni. Sipika imalira pang'ono ndipo nyali yobiriwira imayaka, koma wosadziwa tanthauzo lake sangazindikire kanthu.

Njira yake ndi kufufuta zonse zakale musanayambe kuigwiritsa ntchito. Pemphani mwini wakale aichotse pa akaunti yake. Kenako, pa Echo Dot ya mibadwo yaposachedwa, dinani batani lokhala ndi kadontho osasiya kwa masekondi pafupifupi 25. Pa Nest Mini, zimitsani maikolofoni ndi kaswichi ka m'mbali, n'kudina pakati pa sipika pamwamba kwa masekondi pafupifupi 15. Ikadzukanso, iyikeni pa akaunti yanu. Muchitenso chimodzimodzi tsiku limene mudzaigulitse kapena kuipereka kwa wina.

Zimene zinachitikapo

Nkhawa ya zinsinsi ili ndi pochokera. Mu Meyi 2018, Echo ya banja lina ku Portland, m'dziko la America, inajambula zimene mwamuna ndi mkazi wake ankakambirana n'kuzitumiza kwa munthu wina wa pa mndandanda wa manambala awo. Amazon inavomereza kuti sipikayo inamva molakwika mawu angapo motsatizana. Mu Epulo 2019, atolankhani a Bloomberg anaulula kuti antchito a Amazon ankamvetsera ena mwa mawu ojambulidwa pofuna kukonza kamvedwe ka Alexa. Mu Julayi chaka chomwecho, wailesi ya VRT ya ku Belgium inapeza mawu ojambulidwa ndi Google oposa 1,000, ndipo 153 mwa iwo anajambulidwa popanda munthu kuitana chipangizocho. Mu 2023 Amazon inavomera kulipira madola 25 miliyoni ku America pa mlandu wosunga mawu a ana mophwanya lamulo. Ndipo kuyambira pa 28 Marichi 2025, kampaniyi inachotsa njira imene inalipo pa masipika ena yoletsa mawu kutumizidwa ku makompyuta ake.

Zosintha tsiku loyamba

Pa Echo, tsegulani pulogalamu ya Alexa n'kupita pa Alexa Privacy, kapena Privacidade da Alexa ngati foni ili m'Chipwitikizi. Pamenepo mungathe kumvetsera ndi kufufuta zimene zinajambulidwa. Mungathenso kusankha kuti mawu asasungidwe, kapena azifufutika okha pakapita miyezi 3 kapena 18. Zimitsani chilolezo choti mawu anu agwiritsidwe ntchito pokonza Alexa, chifukwa ndi chimene chimapereka mpata woti anthu a kampani awamvetsere. Zimitsaninso Drop In ngati simukuifuna, ndi kugula zinthu ndi mawu, kapena ikanipo nambala yachinsinsi ya manambala anayi kuti ana asaitanitse katundu. Ngati pakhomo pali Alexandre kapena Alexandra, sinthani mawu odzutsira akhale "Echo" kapena "Amazon", apo ayi sipika ingadzuke mukaitana mwanayo.

Pa Nest, zonse zimaoneka pa tsamba la myactivity.google.com la akaunti yanu. Pansi pa Web & App Activity pali kabokosi kosungira mawu ojambulidwa, ndipo kasiyeni kosachonga. Sankhaninso kuti mbiri izifufutika yokha pakapita miyezi 3, 18 kapena 36. Sipika ikadzuka mwangozi, kunena kuti "Hey Google, that wasn't for you" kumafufuta zimene yangomva kumene.

Chitetezo chodalirika koposa ndi batani lozimitsira maikolofoni. Pa Echo, mukalidina nyali imafiira. Pa Nest Mini, nyali zimasanduka za mtundu wa lalanje. Kuizula pa magetsi ndiye kumathetsa nkhani yonse.

Malamulo a pakhomo

Nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola, mKesh, Airtel Money kapena Mpamba isatchulidwe mokweza pafupi ndi sipika, ndipo isasungitsidwe kwa iyo ngati chikumbutso. Pokambirana za ndalama za fodya, za ngongole ya feteleza, za malire a munda, za matenda kapena za maliro, zimitsani maikolofoni kaye. Gulu la alimi kapena la banki ya m'mudzi likamakumana pakhomo panu, izuleni. Alendo auzeni kuti m'nyumba muli chipangizo chomva, chifukwa mawu awo nawo ndi awo. Ana aphunzitseni tanthauzo la nyali, ndipo kamodzi pamwezi tsegulani mbiri muone zimene zinajambulidwa.

Foni nayo imamva

Amene alibe sipika asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Mafoni ambiri a Android ali ndi Google Assistant, kapena Gemini imene ikulowa m'malo mwake, ndipo imagwira ntchito mofanana. Mu zosintha za pulogalamu ya Google, pezani pamene palembedwa Hey Google ndi Voice Match, n'kuzimitsa ngati simuigwiritsa ntchito. Kuyambira pa Android 12, kadontho kobiriwira kamaoneka pakona ya sikirini pulogalamu iliyonse ikamagwiritsa ntchito maikolofoni kapena kamera. Kakayaka inu musakuimba foni kapena kujambula, fufuzani pulogalamu imene yachititsa, n'kuilanda chilolezocho.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, pa ndime 41, amapatsa nzika iliyonse ufulu woti moyo wake wamseri ulemekezedwe, ndipo ndime 71 imaika malire pa kusunga mbiri ya munthu m'makompyuta. Lamulo nambala 3/2017 lokhudza zochitika za pa intaneti lilinso ndi gawo loteteza mbiri ya anthu, ndipo bungwe loyang'anira za luso limeneli ndi INTIC. Ku Zambia lamulo loteteza mbiri ya anthu linakhazikitsidwa mu 2021, ku Malawi mu 2024.

Koma makampani opanga masipikawa ali ku America, ndipo makompyuta amene amalandira mawu anu ali kunja kwa dziko lino. Kwa mlimi wa ku Domwe kapena ku Furancungo, kutsata dandaulo mpaka kumeneko n'kovuta. Zimene zili m'manja mwake ndi zinayi: akaunti ikhale yake, mawu asasungidwe nthawi yaitali, sipika ikhale pabalaza, ndipo pokamba za ndalama maikolofoni akhale ozimitsa.