Njira Yobwerera Kwathu

Mwezi wa Disembala ukafika, ife okhala ku Lilongwe tiona chinthu chimodzi chaka ndi chaka. Ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Mgona amai asesa pabwalo nasunga nkhuku, popeza mwana wao wa ku Joni watumiza mau kuti adzafika Lachiwiri. Lachiwiri lipita, Lachitatu lipita, ndipo munthu uja atulukira Loweruka, mapazi otupa, Khirisimasi itatha kale. Inu abale a kumidzi mudziwa zomwezi, ndipo ena mudandaula kuti mwanayo alibe chikondi. Tsono tiyeni tikumbutsane mbiri ya njira imeneyi, pakuti chiyambire tsiku lofika kwao silinakhale m'manja mwa wapaulendo.

Makolo athu anayamba ulendowu ndi miyendo, msonkho utawapanikiza. Anapyola dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi pa bwato, nayenda masabata ambiri kufikira ku Salisbury, kumene lero titchula Harare, ena mpaka ku migodi ya Johannesburg. Anachuluka kotero kuti m'chaka cha 1912 mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nkhoma kukawasonkhanitsa ku Salisbury. Ndipo mu 1935 bungwe la boma lofufuza za ulendowu linayerekeza kuti amuna a ku Nyasaland okhala kunja anali ngati 120,000.

Kupita kunali kowawa, koma kubwerera kunaposa. Wopita analibe kanthu koma mkute ndi ndodo. Wobwerera anasenza bokosi la zovala, mabulangete, kapena makina osokera, ndipo achifwamba a m'njira anadziwa bwino kusiyanitsa awiriwa. Wofuna kudya Khirisimasi kwao anayenera kuyenda mvula itayamba, mitsinje itadzaza, udzu utabisa njira. Ambiri anati, Tidikire chilimwe. Chilimwe chitafika ndalama zinali zitatha, nadikiranso. Umo ndimo ena anasandukira machona. Ife sitikana kuti analipo oiwala dala akazi ndi ana. Koma tiyesa kuti mitsinje inachonetsa anthu ambiri koposa kuuma mtima.

Pambuyo pake zinadza galimoto za Ulere, zimene boma la Southern Rhodesia linatumiza kudzatenga antchito kwaulere, ndiponso Wenela anayamba kunyamula anthu a ku migodi pa ndege. Koma tsiku lobwerera linali la pangano la ntchito. Wolemba ntchito sanawerengere masiku a Mpingo. Ndipo pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nafa Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwao ndi katundu wao. Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi chaka chomwecho. Kunayambanso mu 1977, nikutha mu 1988.

M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, yodzatha mu 1992, galimoto zinkapyola Tete pa mndandanda, asilikali patsogolo ndi pambuyo.

Lero palibe wolemba anthu. Yense adzilipirira yekha basi ku Johannesburg, ulendo woposa makilomita 1,800 wa zipata zitatu: Beitbridge, Nyamapanda ndi Dedza. Pa Disembala mtengo ukwera, mabasi adzaza ndi mafiriji, njinga ndi matumba, ndipo pa Beitbridge anthu agona pamzere, akasitomu akutsitsa katundu yense kuti amuone. Basi ikafa kutsidya kwa Nyamapanda, apaulendo atsika nakhala pamthunzi, amai nakoleza moto m'mbali mwa mseu, kudikira chitsulo chochokera ku Harare. Chasintha ndi ichi, kuti mdzukulu wa mchona ali ndi foni m'thumba, naimba ku Biwi kuti, Amai, iphani nkhukuyo mudye, ife tikadali kuno.