Matemba a ku Kachulu ndi mitengo ya kunja

Pa doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, sikelo ilibe ntchito kwenikweni. Matemba amagulitsidwa pa beseni kapena pa ndowa, ndipo mtengo amanenerera msodzi ndi wogula ataimirira m'matope. Kufanizira nsomba za m'nyanja ya Chilwa ndi za mayiko amene amawerengera kilo ndi dola n'kovuta ndithu.

David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, koma malonda anadzakula m'nthawi ya atsamunda, pamene a geni anayamba kupalasa njinga ndi madengu a matemba ouma, makumba ndi milamba yowamba kupita ku Zomba, Limbe ndi kuminda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo. Ogula anali aganyu olandira kangachepe, ndipo mtengo unatsata thumba lawo. Mu 1979 Chilwa inatulutsa matani pafupifupi 25,000, komabe nsombazo zinathera m'miphika ya konkuno.

Anzathu a m'mayiko ena anatsata njira ina. Kapenta anam'tenga ku nyanja ya Tanganyika n'kukam'thira m'nyanja ya Kariba cha mu 1967. Lero amagwidwa usiku ndi mabwato a makampani, n'kuyezedwa pa kilo ku Lusaka ndi ku Harare. Nsomba yaikulu ya Nile perch ya m'nyanja ya Victoria amaichotsa minga m'fakitale n'kuikweza ndege kupita ku Ulaya. Matemba sanakwerepo ndege, ngakhale kuti pa mbale ya nsima sagonjera kapenta.

Amene amalamula mtengo ku Kachulu ndi madzi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotuluka, ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Zikatero zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi, zimagwa pansi, asodziwo amathawira ku Chiuta kapena ku Malombe, ndipo mulu wa matemba m'tauni umachepa pomwe ndalama yake ili yomweyo. Mpata umenewo amaulowa ndi kalapau wa m'mafiriji, wogulidwa ndi ndalama zakunja, amene kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sikunamusiye.

Kutsidya la kum'mawa, kumalire ndi boma la Mecanhelas ku Mozambique, temba lomwelo limatchulidwa m'mameticali, ndipo wa geni amayamba wafunsa mmene ndalama ziwirizi zikusinthanirana asanasankhe kokagulitsa.