Penshoni Ikacedwa: Zimene Gawo 189 Likunena

Gawo 189 la Malamulo Aakulu a dziko la Zambia, monga anakonzedwela mu 2016, likuti munthu amene sanalandile penshoni pa tsiku lake lomaliza aleke nchito, koma dzina lake likhalebe pa mndandanda wa olandila malipilo mpaka penshoniyo italipilidwa. Komabe Khoti la Malamulo Aakulu linagamula kuti ndalama za masiku a chuti si penshoni, ndipo ambili amasokonezeka pamenepa.

Nduna ikalonjeza m'Nyumba ya Malamulo kuti opuma pa nchito alipilidwa, kapena kuti lamulo latsopano libwela, komiti ya aphungu yochedwa Committee on Government Assurances ndiyo imalondola lonjezolo. Abale ndi alongo a ku Mushili amene mukali kuyembekezela, lembelani kalata phungu wa Bwana Mkubwa. Iye angafunse nduna poyela.